Kutoperatu ndi ntchito pakati pa ogwira ntchito zachipatala: zimene zimachitika mu ubongo

Kutoperatu ndi ntchito, kumene pa Chingerezi amati burnout, ndi kutha mphamvu m'thupi ndi m'maganizo komwe kumadza munthu akakhala pa mpanipani wa ntchito kwa nthawi yaitali popanda mpumulo wokwanira. Kumasiyana ndi kutopa wamba chifukwa sikutha ndi tulo ta usiku umodzi. Anamwino, madokotala ndi osamalira okalamba ndi ena mwa anthu amene vutoli limawagwira kwambiri, ndipo abale athu ambiri kuno kunja ali pa ntchito zimenezi.

Mmene vutoli linadziwikira

Katswiri wa zamaganizo, Herbert Freudenberger, analemba za vutoli mu 1974 ataona mmene anthu ongodzipereka pa chipatala china chaulere ku New York ankatherera mphamvu. Mu 1981, Christina Maslach ndi Susan Jackson anakonza mafunso oyezera vutoli, omwe amaona zinthu zitatu: kutheratu mphamvu, kuuma mtima kwa odwala mpaka kumawaona ngati manambala a mabedi, komanso kudzimva kuti palibe chimene ukuphula pa ntchito. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalongosola burnout ngati vuto lochokera kuntchito, osati nthenda payokha.

Zimene zimachitika mu ubongo

Mkati mwa ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito ngati mlonda. Kakaona zoopsa, monga wodwala amene wasiya kupuma, kamadzutsa kachigawo kena kotchedwa hypothalamus. Uthenga umatsika mpaka ku tiziwalo tili pamwamba pa impso, tomwe timatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, shuga amachuluka m'magazi, maso amayera. Zoopsazo zikapita, mbali ya kutsogolo kwa ubongo, prefrontal cortex, imene timaganizira, kukonza mapulani ndi kudziletsa, imathandiza kukhazika mlondayo pansi.

Thupi linapangidwa kuti lizichita zimenezi mwa apo ndi apo. M'wodi yosowa antchito belu la ngozi limalira tsiku lonse, mawa n'kuyambiranso. Kafukufuku wa Ivanka Savic wa ku Karolinska Institutet ku Stockholm, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti anthu opanikizika ndi ntchito kwa nthawi yaitali anali ndi amygdala yokulirapo, pomwe mbali ina ya prefrontal cortex inali yopyapyala poyerekeza ndi ya anzawo. Mlonda akakula mphamvu, womuletsa n'kufooka, munthu amapsa mtima msanga, amaiwalaiwala, ndipo zinthu zazing'ono zimamuvuta kusankha.

Kusowa tulo kumawonjezera moto. Mu 2007, gulu la Matthew Walker ku Berkeley linapeza kuti amygdala ya anthu amene sanagone usiku wonse inkadzuka mwamphamvu yoposa ya ogona bwino ndi 60 peresenti ataonetsedwa zithunzi zosautsa. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anaonetsa kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, womwe ndi malire a oyendetsa galimoto ku Scotland. Namwino wotuluka pa shifiti ya usiku n'kuyendetsa galimoto kupita kunyumba azikumbukira zimenezi.

Ubongo umatha kubwerera m'chimake

Mu 2009, Conor Liston ndi anzake anayeza ubongo wa ophunzira udokotala amene ankakonzekera mayeso akuluakulu ku America. Anapeza kuti prefrontal cortex yawo sinkalumikizana bwino ndi mbali zina, ndipo ankavutika kusamutsa maganizo kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Patatha mwezi umodzi mayeso atatha, ubongo wawo unkagwira ntchito mofanana ndi wa anzawo. Amene wapanikizika kwa zaka zambiri amafunika nthawi yotalikirapo, n'chifukwa chake kuchitapo kanthu msanga n'kofunika.

Njira zochepetsera vutoli

Udindo waukulu uli kwa olemba ntchito. Linda Aiken anafufuza zipatala 168 za ku Pennsylvania ndipo mu 2002 anapeza kuti wodwala aliyense wowonjezera pa namwino mmodzi ankakweza chiopsezo cha burnout ndi 23 peresenti, komanso chiopsezo choti wodwala wa opaleshoni amwalire pasanathe masiku 30 ndi 7 peresenti. Choncho kulemba antchito okwanira, kukonza mashifiti mwachilungamo ndi kumvera madandaulo a antchito kumateteza namwino pamodzi ndi wodwala.

Wantchito aliyense adziwe ufulu wake. Ku Britain, lamulo la Working Time Regulations la 1998 limapereka mpumulo wa maola 11 pakati pa tsiku la ntchito ndi linzake, mphindi 20 zopuma ngati shifiti yaposa maola 6, ndi malire a maola 48 pa sabata mukawerengera pakatikati, pokhapokha mutasaina nokha kuti mupyole. Kwa amene visa yawo ili m'manja mwa kampani, komanso kumudzi akudikira fizi ndi feteleza, kukana shifiti yowonjezera n'kovuta. Kulowa m'bungwe la antchito monga Royal College of Nursing kapena UNISON kumathandiza kuti musalankhule nokha.

Pa inu nokha, tetezani tulo. Mukachoka pa shifiti ya usiku gonani m'chipinda chamdima, foni itazimitsidwa, ndipo musamwe khofi kutatsala maola 6 kuti mugone. Yendani ndawala kapena chitani masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, monga mmene WHO imalangizira. Pezani anzanu a ntchito imodzi amene mungakambirane nawo zimene mwaona m'wodi, poti mutu umodzi susenza denga.

Nthawi yopita kwa dokotala

Burnout imatha kuyendera limodzi ndi matenda a maganizo. Ngati kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo mwakhala okhumudwa, zomwe munkakonda sizikukusangalatsani ngakhale muli kunyumba, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mugone, kaonaneni ndi dokotala. Amene akuganiza zodzipha apeze thandizo tsiku lomwelo. Ku Britain ndi ku Ireland, bungwe la Samaritans limayankha pa 116 123 usana ndi usiku, kwaulere. Ku South Africa kuli bungwe la SADAG.