ERCO: banja la ku Lüdenscheid lomwe linasiya nyale za m'khichini

Mlendo akafika ku Louvre mumzinda wa Paris, kapena akakwera padenga la galasi la nyumba ya malamulo ya Reichstag ku Berlin, maso ake amakhala pa nyumbayo. Za nyale sizimubwerera m'mutu. Komatu zina mwa nyale zomwe zinaikidwa m'malo amenewa zinachokera ku Lüdenscheid, tauni ya m'mapiri a Sauerland ku Germany, kufakitale ya ERCO yomwe mpaka lero ili m'manja mwa banja limodzi.

Kampaniyi inayamba m'chaka cha 1934, pomwe Arnold Reininghaus ndi anzake awiri anatsegula kafakitale kopanga zipangizo za nyale. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu anali kalikiliki kumanganso nyumba zawo, ndipo ERCO inapeza msika pa nyale za m'khichini, za pambali pa bedi ndi za m'bafa. Malonda ankayenda, ndalama zinkalowa.

Amene anasintha zonse ndi mkamwini wa Reininghaus, Klaus Jürgen Maack. Iye anaona kuti nyale za m'nyumba zimatha fasho msanga, ndipo opanga ake ndi ambirimbiri. Mu 1968 kampani inatembenukira kwa akatswiri olemba mapulani a nyumba. Mfundo ya Maack inali yakuti wogula safuna chitsulo cholendewera kudenga, chimene akufuna n'kuona bwino. Kusiya katundu amene akukudyetsani si chinthu chapafupi, ndipo ine ndikuona kuti anakwanitsa chifukwa eni ake anali a pabanja, okhoza kupirira zaka zingapo za phindu lochepa popanda wowakalipira.

Apa mpomwe panabadwira katundu yemwe ERCO imadziwika naye. Chachikulu ndi kanjanji: kachitsulo kowonda komangidwa kudenga, kodutsa magetsi m'kati mwake. Nyale imakolekedwa paliponse pa kanjanjiko. Woyang'anira nyumba ya zithunzi akasintha zoonetsa, amangokwera makwerero, kusuntha nyale, n'kuilozetsa pa chithunzi chatsopano, osaboola denga kapena kukoka waya wina. Pali nyale zina zomwe ntchito yake n'kuwalitsa khoma lonse mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, popanda malo othimbirira. Chipinda chotero chimaoneka chotakasuka ngakhale chili chaching'ono. Palinso nyale zobisika m'denga za m'maofesi ndi m'masitolo, ndi zokwiriridwa pansi zowalitsa zipupa ndi mitengo panja.

Kuyambira 1974 Maack anagwira ntchito ndi Otl Aicher, yemwe anakonza zizindikiro za masewera a Olimpiki a ku Munich mu 1972. Chizindikiro cha ERCO ndi ntchito ya manja ake. Ubale ndi katswiri wolemba mapulani a nyumba, Norman Foster, unatengera nyalezi ku likulu la banki ya HSBC ku Hong Kong, kenako ku Reichstag yomwe inatsegulidwanso mu 1999.

Mwana wa Maack, Tim Henrik Maack, anachitanso zolimba mtima ngati bambo ake. Pofika 2015 ERCO inali itasiyiratu mababu akale, nyale zake zonse n'kukhala za LED. Izi sizidya magetsi ambiri, ndipo kuwala kwake sikutentha chithunzi ngati momwe mababu a halogen ankachitira. Timagalasi ta patsogolo pa nyale, tomwe timachepetsa kapena kukulitsa bwalo la kuwala, kampaniyi imapanga yokha ku Lüdenscheid komweko.