Nkhokwe, msonkho ndi mkwiyo wa anthu m'masewera a ufumu

Masewera oyendetsa ufumu pa kompyuta anabadwira m'kalasi, ndipo nkhani yake yoyamba inali ya tirigu. Mu 1964 mayi Mabel Addis, mphunzitsi wa pulayimale ku Westchester County m'chigawo cha New York, analemba masewera otchedwa The Sumerian Game, ndipo William McKay wa kampani ya IBM ndiye anawaika pa kompyuta. Mwana wasukulu ankakhala pa makina otayipira n'kusanduka mfumu ya mzinda wa Lagash cha m'ma 3500 BC. Nduna yake inkabwera ndi lipoti la zokolola n'kumufunsa kuti tirigu wodya anthu akhale wochuluka bwanji, wa mbewu wochuluka bwanji, nanga wotsala m'nkhokwe.

Mu 1968 Doug Dyment anapanga masewera afupi otengera omwewo, ndipo David Ahl atawasindikiza m'buku lake la masewera a BASIC mu 1973, anafalikira ndi dzina loti Hamurabi. Umalamulira zaka 10. Uli ndi maekala 1,000, anthu pafupifupi 100, ndipo munthu aliyense amafuna mabushelo 20 pa chaka. Makoswe amadya za m'nkhokwe, mliri umatha kupha theka la anthu. Ukaphetsa ndi njala anthu oposa 45 pa 100 alionse m'chaka chimodzi, akuchotsa pampando pomwepo. Lamulo limeneli ndimalilemekeza kwambiri. Pakati pa masamu onsewo anaikapo malire: mfumu ikhoza kulakwitsa pogula minda kapena pofesa, koma pali imfa zimene anthu ake sangazilole.

Ndalama zinalowa pambuyo pake. SimCity ya Will Wright, ya mu 1989, inapatsa wosewera msonkho woti azikweza ndi kutsitsa, komanso bajeti ya apolisi, ozimitsa moto ndi misewu. Kenaka mu 1991 Sid Meier ndi Bruce Shelley anatulutsa Civilization, ndipo m'menemo mkwiyo wa anthu unayamba kuoneka ndi maso. Mzinda uliwonse unali ndi timitu ta anthu okondwa, okhutira ndi okwiya. Okwiya akachuluka kuposa okondwa, mzinda umachita chipolowe: ntchito imaima, msonkho subwera. Mankhwala ake anali kachisi, bwalo la masewera, kupatula gawo la chuma kuti lipite ku zosangalatsa, kapena kungodzaza asilikali mumzinda. Koma asilikaliwo ankagwira ntchito imeneyi pansi pa maulamuliro ena okha, monga wa mfumu kapena wa munthu wankhanza. Ukasankha demokalase, msilikali wopita kunkhondo kutali ndiye ankakwiyitsa abale ake otsala kwawo.

Ine ndinalowera pa Caesar III, ya kampani ya Impressions Games, yomwe inatuluka mu 1998, ngakhale kuti inandipeza patapita zaka, pa kompyuta yakale ya msuweni wanga. Mpaka lero ndimaona kuti palibe masewera ena amene anamvetsa bwino za msonkho ngati amenewa. Kulemba kuti msonkho ndi 7 pa 100 sikubweretsa khobidi. Pamafunika wokhometsa msonkho atuluke mu ofesi yake, ayende wapansi, adutse pakhomo. Nyumba imene sanaidutse silipira. Wogulitsa mumsika, wansembe, sing'anga ndi mlonda wozimitsa moto, onse amayenda chimodzimodzi, ndipo akafika pamphambano amakhota mmene afunira. Tsono ukamanga misewu mwachisawawa, upeza dera lina lili ndi zonse pamene lina lili ndi njala, nkhokwe ili yodzaza pafupi pomwepo. Anthu a m'deralo amayamba ndi kudandaula, kenaka kuba, kenaka kutentha nyumba. Ulova ukakula, kapena malipiro a antchito ako akatsika kuposa amene Roma akupereka, anthu amanyamula katundu n'kusamuka. Ukalowa m'ngongole, mfumu ya ku Roma imakuombola kamodzi, koma ukapitiriza imakutumizira asilikali ake kudzakuchotsa.

Zambiri mwa izi sanangozipeka. Mu 123 BC Gaius Gracchus anakhazikitsa lamulo loti nzika za Roma zizigula tirigu pa mtengo wotsika, ndipo mu 58 BC Clodius anachititsa kuti aziperekedwa ulele. Julius Caesar anapeza olandira ali 320,000 n'kuwachepetsa kufika pa 150,000. Alonda ozimitsa moto aja anachokera ku magulu 7 amene Augustus anakhazikitsa mu 6 AD kuti aziyendera mzinda usiku ndi zidebe ndi nkhwangwa.

Rome: Total War, ya Creative Assembly, inafika mu 2004. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha nkhondo zake, koma amene anaisewera nthawi yaitali amadziwa kuti mutu unkapweteka ndi mizinda. Bata la mzinda linali nambala imodzi, yokhala ndi kankhope kobiriwira, kachikasu, kabuluu kapena kofiira. Msonkho wokwera umaitsitsa. Kutalikira likulu kumaitsitsa. Makachisi a anthu amene unawagonjetsa amaitsitsanso. Bwanamkubwa wodziwika, masewera a m'bwalo ndi asilikali amaikweza, ndipo popeza chowerengedwa chinali kuchuluka kwa asilikali osati luso lawo, osewera ankadzaza mizinda ndi alimi wamba otsika mtengo. Choopsa kuposa zonse chinali uve wobwera ndi kuchulukana kwa anthu. Ngalande ndi mabafa zinkathandiza pang'ono, komabe mzinda ukakula kwambiri, uvewo unkaposa chilichonse chimene ungamange.

Apa ndi pamene panabadwa njira imene imandiwawa mtima. Osewera anazindikira kuti ndi bwino kutulutsa asilikali onse, kukweza msonkho mpaka pamapeto, kusiya mzinda uwukire, kenaka kuulandanso n'kusankha kupha anthu ake. Anthu akachepa uve umatha, bata limabwerera, chuma chofunkha chimalowa m'thumba. Masamu a masewerawo ankapereka mphotho pa zimenezi, ndipo patapita nthawi yochepa m'masewerawo palibe amene ankazikumbukira. Kuchokera pa mfumu ya mu Hamurabi, yochotsedwa chifukwa chophetsa anthu ndi njala, tinafika pa mfumu imene kupha nzika zake ndi njira yokonzera bajeti.

Sindikunena kuti mafumu a Roma sankachita zotere. Mu 532 asilikali a Justinian anapha anthu pafupifupi 30,000 m'bwalo la mpikisano wa magaleta ku Constantinople pothetsa chipolowe cha Nika. Koma magazi ankakhala ndi mtengo wake. Mu 390 anthu a ku Thessalonica ataphedwa mwaunyinji chifukwa cha chipolowe, bishopu Ambrose wa ku Milan anakana kupatsa mfumu Theodosius mgonero mpaka italapa poyera. Ndipo nthawi zambiri mfumu inkaopa anthu ake kuposa mmene masewerawa amasonyezera. Mu 51 AD tirigu atasowa, khamu linazungulira Claudius pabwalo lalikulu la mzinda n'kumugenda ndi zidutswa za buledi, mwakuti anapulumukira pa khomo lakuseri la nyumba yachifumu. Claudius anali atayamba kale kumanga doko latsopano pafupi ndi Ostia. Zitachitika izi, analonjeza eni zombo kuti akanyamula tirigu ngakhale m'nyengo yozizira, pamene nyanja imalusa, iye adzawabwezera chilichonse chimene angataye ndi namondwe.