Mbiri ya Nzeru ya Kuwira kwa Zamadzimadzi

Likulu la dziko lino litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja anakakhazikika ku Kawale, Biwi ndi Area 25. Kumeneko madzi amawira asanatenthe ngati a kwawo. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi amawira pa madigiri 98. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000, ndipo madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97. Anthu anatenga zaka mazana ambiri kuti amvetse chifukwa chake.

Akatswiri a Chisilamu anazama kwambiri pa luso la kutcheza. M'zaka za m'ma 800, Al-Kindi wa ku Baghdad analemba buku la kapangidwe ka mafuta onunkhira, lokhala ndi njira zoposa 100. Al-Razi, amene anamwalira cha m'ma 925, anafotokoza zipangizo zotchezera. Luso lawo linatsamira pa mfundo imodzi: chilichonse chamadzimadzi chili ndi mlingo wakewake wa kutentha pamene chimasanduka nthunzi, kotero moto ungathe kulekanitsa zosakanikirana.

Lero tikudziwa kuti zamadzimadzi zimapangidwa ndi tinthu tosaoneka timene timagwirana. Ta sipiriti timagwirana mofooka, ndipo amawira pa madigiri 78. Ta madzi timagwirana zolimba, ndipo pa gombe la nyanja yamchere amawira pa madigiri 100. Ta mafuta ophikira n'tokulirapo, motero mafuta amayamba kufuka utsi asanawire.

Mbali yachiwiri inadziwika ku Ulaya. Mu 1648 Blaise Pascal anatuma mlamu wake kukwera phiri la Puy de Dôme ku France, ndipo anatsimikiza kuti mpweya umapsinja zinthu mochepa munthu akamakwera. Mpweya ukapepuka, nthunzi imathawa msanga. Mu 1679 Denis Papin anapanga mphika wotsekera nthunzi m'kati, kholo la pressure cooker, m'mene madzi amafika madigiri pafupifupi 120. M'zaka za m'ma 1800, apaulendo monga David Livingstone ankayeza kutalika kwa malo powiritsa madzi.

Mbiriyi imafika mpaka pa mbaula ya ku Chinsapo ndi Mgona, kumene makala ndi odula. Madzi akawira, kukoleza moto sikuwatenthetsanso, kumangotha makala. Nyemba zimafewa msanga zikanyikidwa usiku wonse, mphika n'kuvundikiridwa.

Ngozi yaikulu ili m'chiwaya cha mandasi ndi zitumbuwa, makamaka pokonza futari. Mafuta okazingira amafika madigiri 180 akuoneka odekha. Dontho la madzi likagweramo limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mafuta otentha. Mafuta akagwira moto, musathirepo madzi. Vundikirani chiwaya ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo ana akhale kutali mpaka chitazizira.