Mlendo Akafika pa Golomoti Timuikire Chiyani?

Lero sindikamba za mizere kapena za feteleza ayi, koma za mbale imene timaikira mlendo.

Alendo sanayambe lero kufika kuno kunsi kwa mapiri a Dedza. Ansembe a White Fathers anamanga pa Mua mu 1902. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, ndipo sitima inkaima pa Golomoti ndi pa Mtakataka. Kuyambira mu 1976, pamene Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni, anthu akutali amadza kudzaona zosemasema ndi za Gule Wamkulu, ena napatuka pa Golomoti kunka ku Monkey Bay. Akafunsa kuti chakudya chathu chenicheni nchiti, ife tithamangira nsima ya ufa woyera ndi chambo.

Sindinyoza nsimayo, inenso ndiyo inandilera. Koma dziwani kuti chimanga nachonso ndi mlendo. Kwawo ndi ku America, ndipo chinadza ndi zombo za Apwitikizi chitapita chaka cha 1500, monganso chinangwa, mtedza ndi mbatata. Makolo athu akalekale nsima yawo inali ya mapira, mawere ndi mchewere. David Livingstone poyenda kumapiri a ku Shire mu 1859 anaona chimanga ndithu, komanso analemba za minda yaikulu ya mapira. Chimanga chinapambana pambuyo pake, pakuti chimacha msanga ndiponso makoko ake amachibisa kwa mbalame. Mapira alibe chofunda chotero.

Tsono mtengo wake tinauona mu njala ya 1949, pamene mvula inadula chimanga chisanakhwime. Tinauonanso mu 1992 ndi mu 2024. Kuno kuchigwa nkotentha zedi, ndipo mapira amapirira ng'amba imene imapha chimanga: amangopinda masamba nkudikira, mvula ikabwerera nkudzukanso.

Chotero mlendo akadza, muikireni nsima ya mapira. Inde njofiirira, ndipo amayi ena amaibisa kukhitchini ngati chinthu chochititsa manyazi, koma imakhalitsa m'mimba ndipo ili ndi fungo lake limene ufa woyera ulibe. Ndiwo zake zikhale khobwe, kapena mfutso wa chitambe wotendera. Khobwe ndi nzama ndi mbewu za mu Africa muno chiyambire. Nzama zophika zokha ndi mchere pang'ono zikwanira munthu wa paulendo.

Musaiwale thobwa, ndipo likhale la chimera chenicheni. Mawere muwanyike m'madzi, muwafunditse mpaka amere, muwayanike, muwasinje. Chimeracho muchithire m'phala litayamba kuzizira, chifukwa phala lowira limapha mphamvu yake yotsekemeretsa. Atsikana ambiri a lero alakwa pomwepa, nathamangira shuga wa kugolosale. Milambe nayo yatizinga ponseponse. Malambe onyika m'madzi nkusefa apanga chakumwa chimene mlendo sangachipeze kwawo.

Za nsomba ndinene mwachidule. Chambo chinachepa m'nyanja kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo mtengo wake wakwera. Musagulitse nkhuku kuti mugule chambo. Usipa wofutsa kapena utaka ndiwo ndiwo zathu za masiku onse, ndipo ziyenda bwino ndi mpunga wa ku sikimu ya Bwanje, kumene amathirira ndi madzi a Namikokwe.

Chondidetsa nkhawa ndi mbewu. Tsiku lina ndinayenda mudzi wonse kufuna mapira, ndipo ndinawapeza kwa agogo amodzi okha, ngala zitatu zomangirira kutsindwi pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Anandiuza kuti analeka kubzala ambiri chifukwa mbalame za mudzi wonse zinkathera m'munda mwawo. Ananena zoona. Munthu mmodzi sangalime mapira yekha. Koma mabanja khumi akabzala nthawi imodzi m'minda yoyandikana, mbalame zigawana ndipo aliyense akolola.

Inu amene mukali ndi ngala za mapira kapena nzama za makolo, musaziphike zonse chaka chino. Kauzeni a mfumu kapena mlangizi wa dera lanu mvula isanagwe, kuti tidziwe kumene mbewuyo ili ndi mabanja amene angagawane.