Pamene ntchito inkasaka munthu

Achinyamata amene akuzungulira Kanengo ndi Limbe atanyamula envulopu ya masatifiketi, n'kumauzidwa pageti kuti "siyani pompano, tidzakuimbirani," sangakhulupirire msanga kuti m'dziko lomwelino olemba ntchito ndiwo ankagona tulo tochepa posaka anthu. Azungu amene anatsegula minda ya khofi kumapiri a Shire cha m'ma 1890, kenako ya thonje, fodya ndi tiyi, anapeza malo ochuluka koma manja ochepa. Munthu wa munda wake ndi nkhokwe yake akanasiyiranji kupalira kwawo m'dzinja kukalimira mlendo? Boma la atsamunda linawapezera njira: msonkho wa nyumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo unali masheleni 6, koma amene wagwira mwezi umodzi kwa Mzungu ankapereka 3 okha. Okhala pamalo a esiteti ankalipiranso lendi ndi thukuta lawo. Ndiyo thangata ija, imene inangotha ndi lamulo la 1962.

Chimene chimandichititsa chidwi m'nthawi imeneyo ndi tikiti. Mwezi wa pa esiteti sunkayendera kalendala, unkayendera pensulo ya kapitawo. Ukamaliza ndime yako, iye ankachonga tsikulo. Akanena kuti ndime sinathe, kapena wangodzuka ndi mkwiyo, tsikulo lapita m'madzi, ndipo mwezi umodzi unkatha kukoka mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira. Bwana mwini wake unkangomuonera patali. Amene ankakudziwa dzina, kukulemba, kukudula malipiro ndi kukuchotsa anali munthu wakuda mnzako wogwira pepala. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce imene ankayang'anira William Jervis Livingstone, madandaulo a miyezi yotalikitsidwa, malipiro osaoneka ndi zikoti anali m'gulu la nkhuni zimene zinakoleza moto wa John Chilembwe mu Januwale 1915.

Ambiri anaona kuti ngati kugwirira Mzungu n'kosathawika, bola kukagwirira kolipira bwino. Ena ankapita okha wapansi, ulendo wa selefu, kulowera ku Halale, ku Bulawayo ndi ku Joni. Mmodzi mwa otere anali Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town. Ena ankadzera ku Wenela, bungwe losakira anthu eni migodi ya golide ku South Africa. Chibayo chinapha anthu a kumpoto kuno ambiri m'migodimo, moti mu 1913 boma la kumeneko linaletsa kuwalemba, ndipo khomo linadzatsegukanso m'ma 1930. Pofika 1935, komiti yofufuza ya Lacey inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a Nyasaland anali kunja. M'midzi munatsala amayi, ana ndi nkhalamba, kudikira matchona amene ena a iwo sanabwererenso.

Amalume anga anapita pa Wenela dziko litalandira kale ufulu, ndipo akamamva ife tikudandaula za mafunso a pa intavyu ankangoseka. Iwo sanafunsidwe kuti akudziona ali pati zaka zisanu zikubwerazi. Anawavula malaya, kuwakweza pa sikelo, dokotala n'kuwamvetsera pachifuwa, kenako chala pa inki, basi kontirakiti yatheka. "Mphwanga," ankatero, "kumeneko sankafuna mutu wako. Ankafuna mapapo ndi msana." Ndege inkawatula ku Francistown, sitima n'kuwafikitsa ku Johannesburg, kumene munthu ankasanduka nambala. Asanatsike pansi ankayesedwa m'chipinda chotentha, kukwera ndi kutsika pa sitepe kwa maola, kuti aone ngati thupi lipirira kutentha kwa mumgodi. Gawo la malipiro linkasungidwa kuti akalandire kumudzi kontirakiti ikatha. Ena amati zinathandiza kuti ndalama isathere m'mabala a ku Joni, ndipo n'zoona njinga, mawailesi ndi malata zinafika m'midzi mwanjira imeneyi. Koma mwini ndalamayo sanafunsidwe, ndipo boma la Malawi nalo linkapeza phindu lake pa ndalama zakunja zodzera m'manja mwake.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweretsa anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70. Kamuzu Banda analetsa pomwepo kulemba anthu. Nthawiyo Amalawi a m'migodi anali oposa 100,000, ndipo pasanathe zaka ziwiri pafupifupi onse anali atabwerera, ambiri n'kukathera m'maesiteti a fodya amene ankakula m'chigawo chapakati, a nduna ndi akuluakulu a chipani cholamula ali m'gulu la eni ake. Kulemba kunayambiranso mu 1977, bungwe lija litasintha dzina kukhala TEBA, imene ife timati Theba, koma chiwerengero sichinafikenso pakale. Mu 1988 zinatheratu pa mkangano woyeza Amalawi kachilombo ka HIV asanalembedwe.

Kuchokera pamenepo mzere unatembenuka. Tsopano ndi munthu amene amasaka ntchito, ndipo Joni ya lero amapita pa basi ndi pasipoti ya masiku 30, wopanda kontirakiti, kukapempha ya m'dimba kapena ya m'nyumba. Kuno kumudzi malamulo alipo, abwino ndithu papepala: la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito la 1996 limene linabweretsa khoti la milandu ya pantchito, la ntchito la 2000, ndi la penshoni lolamula bwana kuika 10 peresenti, wantchito 5. Komabe ndikamva mnzanga akuti ndalama ya penshoni imadulidwa pa pepala la malipiro koma kuthumba sikufika, kapena kuti ku HR akuti fayilo yake sikuoneka, ndimaona pensulo ya kapitawo ikugwirabe ntchito. Akuluakulu amene anapita kumigodi pa Theba nawo, ambiri tsopano akuyendera ndodo, akhala akuitanidwa kumaofesi a zantchito m'maboma kukalembetsa mayina, atanyamula zitupa zakale za kumgodi, pofuna ndalama zimene amati zinatsalira ku South Africa.