TSIKU LA KAMUZU

Ku Malawi, dziko loyandikana nafe, tsiku la 14 Meyi ndi lopuma. Masukulu ndi maofesi a boma amatseka. Dzina lake ndi Tsiku la Kamuzu. Koma si onse amene amakondwa nalo.

Hastings Kamuzu Banda anali dotolo. Anabwerera kwao mu 1958 atakhala kunja zaka zambiri. Anatsogolera anthu pokana ulamuliro wa atsamunda, ndipo Angerezi anamtsekera m'ndende mu 1959. Malawi inalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Kamuzu analamulira dzikolo zaka 30.

Anthu okonda tsikuli amati Kamuzu ndi tate wa dziko. Anamanga misewu, zipatala ndi yunivesite. Analimbikitsa ulimi. Mu 1975 anasamutsa likulu kucoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Pamene kuno kwathu kunali nkhondo, Malawi inalandira abale athu othawa pafupifupi miliyoni imodzi.

Ena amalikana tsikuli. Iwo amati Kamuzu analamulira mwankhanza. Analola cipani cimodzi cokha, ndipo mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya. Munthu wopanda khadi la cipani ankamubweza pa cipata ca msika. Mpingo wa Mboni za Yehova unaletsedwa mu 1967, ndipo pambuyo pake ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Milange. Mu Meyi 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Mwanza. Boma linati anafa pa ngozi ya galimoto. Ifenso timakumbukira kuti pamene FRELIMO inkamenyera ufulu, Kamuzu anali pa ubwenzi ndi Apwitikizi ndiponso ndi boma la tsankho la South Africa.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota kuti kukhale zipani zambiri. Mu 1994 Kamuzu anagonja pa cisankho, Bakili Muluzi nalowa. Boma latsopano linacotsa Tsiku la Kamuzu. Linaika 14 Juni kukhala Tsiku la Ufulu. Kamuzu anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza, koma khoti linamumasula mu 1995. Anamwalira mu 1997. Kenaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamanga ciliza cacikulu pa manda ake ku Lilongwe, nabwezeretsa tsikulo.

Tsiku lopuma limaphunzitsa ana. Mwana amafunsa kuti: «Lero sitipita kusukulu cifukwa ciani?» Akamva zabwino zokhazokha, aiwala anthu amene anazunzika. Akamva zoipa zokhazokha, sadziwa m'mene ufulu unabwerera. Mfumu yabwino sigamula mlandu itamva mbali imodzi. Mbiri nayonso tiziimva mbali zonse.

TIKAMBIRANE

1. N'cifukwa ciani Tsiku la Kamuzu linacotsedwa?
2. Ndani ayenera kusankha masiku opuma: boma kapena anthu?
3. Pa 3 Febuluwale timakumbukira ngwazi zathu. Kodi ana athu timawauza ciani tsiku limenelo?