Chitoliro cha pa Mokoia

Dzina la Hinemoa ndinayamba kulimva kudzera m'nyimbo, mabuku anabwera pambuyo. Nthano yake ndi ya Amaori a ku New Zealand. Akuti namwaliyu, mwana wa mfumu, ankakhala ku Owhata, m'mphepete mwa nyanja ya Rotorua, pamene Tutanekai, mnyamata wa kumtima kwake, ankakhala pa chilumba cha Mokoia. Abale a mtsikanayo, posafuna chibwenzicho, anakokera mabwato onse kumtunda. Koma usiku Tutanekai ankaliza chitoliro. Hinemoa anadzimangirira zipanda kuti asamire, nasambira mumdima kulondola kulirako mpaka anakafika.

Bwanamkubwa George Grey anasindikiza nthanoyi m'Chingerezi mu 1855. Mu 1896 Alfred Hill anaipekera nyimbo yaikulu ya kwaya, ndipo mu 1914 George Tarr anajambula kanema wake. Chondiwawa n'chakuti pamene azungu ankakomedwa ndi nkhaniyi, zitoliro zenizenizo, monga koauau, zinali kutha m'midzi. Zambiri zinangotsala m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, popanda woziliza.

Amene anazidzutsa ndi Hirini Melbourne ndi Richard Nunns, mothandizana ndi mmisiri wosema, Brian Flintoff. Chimbale cha awiriwa, Te Ku Te Whe, chinatuluka mu 1994 ku Rattle, kampani yaing'ono yoima payokha. Melbourne anamwalira mu 2003, Nunns mu 2021.

Ndinachimvera madzulo ena nditaweruka kuntchito. Zitolirozo zimalira chapansipansi, ngati mayi wobuula m'nyumba ya maliro, moti ndinachita kutseka mawindo kuti ndimve bwino.